Shuga akakwera, m'nkhama mumakhala tizilombo totani? Kuunika kafukufuku wa ku Brazil

Pa kiliniki ya matenda a shuga wodwala amayezedwa magazi, amayezedwa BP, amavula nsapato kuti namwino aone mapazi, ndipo nthawi zina amatumizidwa kwa a maso. Si kawirikawiri kuti auzidwe kuyasamula. Komatu mu 1993 katswiri wa mano Harald Löe analemba m'magazini ya Diabetes Care kuti chiseyeye ndi vuto lachisanu ndi chimodzi lobwera ndi matenda a shuga, kuwonjezera pa mavuto a maso, impso, minyewa, mitsempha ya magazi ndi mabala ochedwa kupola. Kafukufuku wa pakati pa anthu a mtundu wa Pima ku Arizona, m'dziko la America, anali atasonyeza kale mu 1991 kuti odwala shuga ali pachiopsezo cha chiseyeye chowononga fupa pafupifupi katatu kuposa anzawo.

Kuti matenda awiriwa amayendera limodzi, palibe akutsutsa. Mkangano uli pa njira yake. Kodi shuga wokwera amangofooketsa thupi kuti lilephere kulimbana ndi mabakiteriya amene ali m'kamwa mwa munthu aliyense? Kapena amasinthanso mitundu ya mabakiteriya okhala pansi pa nkhama? Funso lachiwirili ndi limene Renato Casarin ndi anzake a ku Brazil anayesa kuyankha m'kafukufuku amene anatuluka mu 2013 m'magazini ya Journal of Periodontal Research. Kafukufukuyu amatchulidwa kwambiri mpaka lero, ndipo nthawi zina amasenzetsedwa katundu woposa mphamvu zake.

Chiseyeye chachikulu n'chiyani

Chiseyeye chimayamba ndi litsiro lomata limene limaunjikana pamene dzino likumana ndi nkhama. M'litsiromo mumakhala mabakiteriya mamiliyoni. Poyamba nkhama zimafiira, zimatupa ndipo zimatuluka magazi potsuka mano. Pamenepa matenda amatha ngati mano akutsukidwa bwino. Akalekereredwa, kutupako kumalowa pansi, nkhama zimalekana ndi dzino, ndipo pamatseguka mpata wozama umene mswachi sufikamo. Mwa munthu wabwinobwino mpatawu supitirira mamilimita atatu. Ukazama, fupa logwira dzino limayamba kudyeka. Mano amaoneka ngati atalika, amagwedera, m'kamwa mumanunkha, nthawi zina mumatuluka mafinya, kenako mano amaguluka ngakhale alibe bowo. Fupa likadyeka silibwereranso lokha.

Lipoti la bungwe la WHO la mu 2022 linati chiseyeye chachikulu chili ndi akuluakulu pafupifupi 19 pa 100 alionse padziko lonse, kutanthauza anthu oposa 1 biliyoni.

Mu 1998 Sigmund Socransky ndi anzake ku Boston anaika mabakiteriya a pansi pa nkhama m'magulu, gulu lililonse ndi mtundu wake wa utoto. Gulu lofiira, limene limapezeka kwambiri m'mipata yozama ndi yotuluka magazi, lili ndi mabakiteriya atatu: Porphyromonas gingivalis, Tannerella forsythia ndi Treponema denticola. Kuyambira pamenepo ofufuza ambiri ankapita m'kamwa mwa odwala shuga kukafuna atatu omwewa, poganiza kuti ngati chiseyeye chakula ndiye kuti achuluka ndi iwowa.

Zimene ofufuza a ku Brazil anachita

Casarin ndi anzake anatenga anthu 23. Onse anali ndi chiseyeye chachikulu chofalikira m'kamwa monse. Anthu 12 anali ndi matenda a shuga a mtundu wachiwiri osalamulirika bwino, ndipo HbA1c yawo inali yoposa 8 peresenti. Anthu 11 analibe matenda a shuga. HbA1c ndi muyeso wosonyeza mmene shuga wakhalira m'magazi pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, osati tsiku loyezetsa lokha.

Anatapa litsiro m'mipata yozama kuposa mamilimita asanu. M'malo modzala mabakiteriyawo mu labotale kuti amere, anawerenga kachigawo ka DNA kotchedwa 16S rRNA, kamene kali mwa bakiteriya aliyense koma kamasiyana mtundu ndi mtundu. Njirayi imazindikira ngakhale mabakiteriya amene amakana kumera mu labotale, ndipo m'kamwa muli ambiri otere.

Zimene anapeza

Zotsatira zake zinatembenuza zimene ambiri ankayembekezera. Mwa odwala shuga, gawo la Porphyromonas, Tannerella ndi Treponema linali locheperapo kusiyana ndi mwa anthu opanda shuga. Linali locheperanso gawo la Filifactor, Eubacterium ndi Synergistetes. Amene anali ndi gawo lokulirapo anali Streptococcus, Actinomyces, Veillonella, Neisseria, Gemella, Capnocytophaga, Fusobacterium, Eikenella, Selenomonas, Aggregatibacter ndi gulu lotchedwa TM7. Mabakiteriya monga Fusobacterium nucleatum, Veillonella parvula ndi Eikenella corrodens ankapezeka kawirikawiri mwa odwala shuga.

Mwachidule, m'kamwa muwiri mowonongeka mofanana munapezeka anthu a m'mudzi osiyana. Ndipo amene ankaganiziridwa kuti ndi zigawenga zazikulu ndi amene anaoneka ochepa mwa odwala shuga.

Pamene kafukufukuyu waima molimba

Choyamba, ofufuzawo anayerekeza zinthu zoyerekezeka. Kafukufuku wina wam'mbuyo ankaika odwala shuga a nkhama zowonongeka mbali imodzi, ndi anthu a nkhama zabwinoko mbali ina. Zikatero, kusiyana kwa mabakiteriya kungachokere ku kuzama kwa mipata, osati ku shuga, chifukwa mpata wozama umasowa mpweya ndipo umakopa mabakiteriya akeake mwa munthu aliyense. Pano magulu onse awiri anali ndi chiseyeye chachikulu, ndipo litsiro linatapidwa m'mipata yozama mbali zonse.

Chachiwiri, sanapite ndi mndandanda wa mayina m'thumba. Munthu wofuna mabakiteriya atatu okha amabwerako ndi nkhani ya atatu omwewo. Njira ya 16S rRNA inawalola kuona amene sankawafuna.

Chachitatu, zimene anapeza zili ndi mutu. Streptococcus, Actinomyces ndi Capnocytophaga amadya shuga. Veillonella amadya asidi amene Streptococcus amatulutsa akagaya shugayo. Porphyromonas gingivalis sadalira shuga, amadya mapuloteni. Shuga akakwera m'magazi amakweranso m'timadzi totuluka mumpata wa nkhama, choncho n'zomveka kuti odya shuga angapezerepo mwayi. Ichi n'chifukwa chomveka, koma kafukufukuyu sanachitsimikizire. Anangowerenga amene analipo.

Pamene akutsimphina

Vuto loyamba ndi chiwerengero. Anthu 12 ndi 11 ndi ochepa kwambiri pa nkhani imene munthu aliyense ali ndi mabakiteriya akeake, ngakhale pakati pa abale a nyumba imodzi. Mitundu yambirimbiri ya mabakiteriya ikayerekezedwa pa anthu ochepa chotere, ina imaoneka yosiyana mwangozi chabe. Munthu mmodzi kapena awiri okhala ndi Neisseria wochuluka akhoza kukokera gulu lonse mbali yawo.

Vuto lachiwiri ndi lalikulu kwa amene akufuna kudziwa za kulamulira shuga. Panalibe gulu la odwala shuga amene shuga wawo ali bwino. Choncho kafukufukuyu sangasiyanitse zotsatira za kukhala ndi matenda a shuga ndi zotsatira za kusawalamulira. Amene amatchula kafukufukuyu ngati umboni wakuti kutsitsa HbA1c kumabwezera mabakiteriya m'malo mwake akunena zimene ofufuzawo sanayeze. Kuti zimenezi zidziwike pamafunika magulu atatu kapena anayi, kapena kutsatira anthu omwewo shuga wawo asanatsike ndi atatsika.

Vuto lachitatu ndi nthawi. Litsiro linatapidwa kamodzi. Kuyeza kamodzi sikunganene chimene chinayamba. Kafukufuku wa George Taylor ndi anzake wa mu 1996, pakati pa a Pima omwe aja, anasonyeza kuti odwala shuga amene anali ndi chiseyeye chachikulu ndi amene pambuyo pake shuga wawo ankavuta kwambiri kulamulira. Ndiye kuti msewuwu ndi wopita ndi wobwera. Shuga akhoza kusintha mabakiteriya, koma kutupa kwa nkhama kukhozanso kukweza shuga.

Vuto lachinayi limapusitsa owerenga ambiri. Ziwerengero za kafukufukuyu ndi magawo, si kuchuluka kwenikweni. Mayi akathira nyemba m'lichero mmene muli chimanga, gawo la chimanga limachepa ngakhale sanachotsemo njere ndi imodzi yomwe. Momwemonso, gawo la Porphyromonas likatsika sizitanthauza kuti Porphyromonas wachoka. Mwina ali momwemo monga kale, kungoti anzake achuluka. Kunena kuti odwala shuga ali ndi mabakiteriya oopsa ochepa n'kuwerenga molakwa.

Vuto lachisanu ndi la chida. Njira imene anagwiritsa ntchito inali yabwino pa nthawi yake, koma imawerenga tizidutswa ta DNA tochepa poyerekeza ndi makina amene anafala pambuyo pake. Mabakiteriya ochepa amatha kuphonyedwa, pamene ena mwa iwo amawononga kwambiri ngakhale ali ochepa. Komanso DNA imangonena dzina la amene alipo. Sinena ngati ali moyo, kapena chimene akuchita.

Pomaliza, odwala shuga amasiyana ndi anzawo m'zinthu zambiri kupatula shuga wa m'magazi: kunenepa, chakudya, mankhwala amene amamwa, kuuma kwa m'kamwa. Pa anthu 23 palibe masamu amene angalekanitse zonsezi.

N'chifukwa chake lipoti la akatswiri a nkhama a ku Ulaya ndi ku America, limene linatuluka chaka chomwecho cha 2013, linaona kuti umboni wakuti shuga amasintha mabakiteriya a m'kamwa unali usanakwane. Iwo anatsamira ku mbali ya thupi: shuga wokwera amamatirira ku mapuloteni n'kupanga zinthu zimene zimakolezera kutupa, maselo oyera a m'magazi sagwira bwino ntchito, maselo odya fupa amachita changu, ndipo minofu imachedwa kupola.

Zimene zinadza pambuyo

Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo kafukufuku wa ku Brazil anafunika anzake. Mu 2017 gulu la Dana Graves ku University of Pennsylvania linatulutsa m'magazini ya Cell Host & Microbe zotsatira za ntchito yawo pa mbewa. Mbewa zisanayambe kukwera shuga, mabakiteriya a m'kamwa mwawo ankafanana ndi a mbewa zinzawo. Shuga atakwera, mabakiteriyawo anasintha. Ofufuzawo anawatenga n'kuwaika mwa mbewa zoleredwa popanda tizilombo tina tilitonse, ndipo fupa la mano a mbewazi linadyeka kwambiri kusiyana ndi la zimene zinalandira mabakiteriya a mbewa zopanda shuga. Kenako anatsekereza puloteni yokolezera kutupa yotchedwa IL-17 mwa mbewa za shuga, ndipo mabakiteriya awo anachepa ukali.

Apa mpamene mbali ziwiri za mkangano zinakumana. Shuga amakoleza kutupa, kutupa kumasintha malo amene mabakiteriya akukhala, ndipo mabakiteriya osinthawo amawonjezera kuwononga. Komabe mbewa si munthu. Mabakiteriya a m'kamwa mwa mbewa ndi osiyana kwambiri ndi a anthu, ndipo chiseyeye cha mu labotale chimachita kuyambitsidwa dala, pamene cha munthu chimakula zaka zambiri.

Mu 2017 momwemo gulu la Purnima Kumar ku Ohio State University linasonyeza kuti shuga ndi fodya, chilichonse pachokha, zimasintha mabakiteriya a pansi pa nkhama, ndipo zikakumana mwa munthu mmodzi kusinthako kumakhala kwa mtundu winanso. Mu 2020 ofufuza a ku Los Angeles anapeza kuti mwa odwala shuga mabakiteriya safunika kusintha kwambiri kuti chiseyeye chiyambe, ngati kuti thupi lawo limapirira zochepa. Chaka chomwecho Tandi Matsha ndi anzake ku Cape Town, m'dziko la South Africa, anapeza kuti magulu a Fusobacteria ndi Actinobacteria anali ochulukirapo mwa odwala shuga. Zimenezi zikufanana pang'ono ndi za ku Brazil, kumene Fusobacterium ndi Actinomyces anali ndi gawo lalikulu.

Tsono mfundo yaikulu ya Casarin, yakuti m'nkhama za odwala shuga mabakiteriya amasiyana, yapeza mboni. Koma mndandanda wa mayina sugwirizana kuchokera ku kafukufuku wina kupita ku wina. Palibe bakiteriya mmodzi amene angalozedwe chala kuti ndiye wa chiseyeye cha odwala shuga, ndipo palibe muyeso wa mabakiteriya umene ungauze wachipatala chochita ndi wodwala amene wakhala patsogolo pake.

Funso limene lili ndi phindu kwa wodwala

Wodwala safunsa za Veillonella. Amafunsa ngati mano ake apulumuke, ndiponso ngati kukonza m'kamwa kungathandize shuga. Pamenepa umboni ndi wolemerapo, ngakhale nawonso sunayende mosalala. Mu 2013 kafukufuku wa ku America wa anthu 514, amene anatuluka m'magazini ya JAMA, sanapeze kuti kupala litsiro pansi pa nkhama kumatsitsa HbA1c, ndipo anaimitsidwa nthawi isanakwane. Mu 2018 Francesco D'Aiuto ndi anzake ku London anatsatira odwala 264 kwa chaka chathunthu, ndipo amene analandira chithandizo chakuya cha nkhama anali ndi HbA1c yotsika ndi 0.6 kuyerekeza ndi anzawo. Mu 2022 bungwe la Cochrane linasonkhanitsa kafukufuku 35 wa anthu 3,249, n'kupeza kuti chithandizochi chimatsitsa HbA1c ndi 0.43 pakatha miyezi itatu kapena inayi, 0.30 pakatha miyezi isanu ndi umodzi, ndi 0.50 pakatha chaka. Kutsika kumeneku si kochepa, koma sikulowa m'malo mwa metformin, insulini, chakudya choyenera ndi kuyendayenda.

Mbali inayo nayonso yavomerezedwa. M'ndondomeko yogawira chiseyeye imene akatswiri anagwirizana ku Chicago mu 2017, wodwala shuga amene HbA1c yake ili 7 peresenti kapena kuposa amaikidwa m'gulu C, la anthu amene matenda awo amathamanga. Wosuta ndudu 10 kapena kuposa patsiku amaikidwa m'gulu lomwelo.

Zimene zikukhudza kiliniki ndi mudzi

Bungwe la International Diabetes Federation linati mu 2021 akuluakulu 24 miliyoni m'chigawo cha Africa anali ndi matenda a shuga, ndipo oposa theka sankadziwa. Ku Malawi kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza matendawa mwa akuluakulu 5.6 pa 100 alionse. Madokotala a mano ndi ochepa, ndipo maphunziro awo a digiri anayamba mu 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Choncho amene angayambe kuona chiseyeye cha wodwala shuga ndi namwino, kiliniko ofesala, mlangizi wa zaumoyo kapena wodzipereka wa m'mudzi.

Pali ngozi imodzi imene ingabwere chifukwa chowerenga kafukufuku wa mabakiteriya mothamanga: kuganiza kuti yankho ndi maantibayotiki. Kafukufuku wa ku Brazil sanayese mankhwala alionse. Litsiro la pansi pa nkhama ndi lomatana ngati ndere pamwala, ndipo mapiritsi salowamo mokwanira. Liyenera kupalidwa ndi wodziwa za mano. Amoxicillin kapena metronidazole wogula pa golosale akhoza kuziziritsa kutupa masiku ochepa, koma fupa limapitiriza kudyeka, ndipo tizilombo timazolowera mankhwala. Maantibayotiki ali ndi malo ake, monga pamene chotupa cha mafinya chafalikira kumaso kapena wodwala watentha thupi, ndipo wolamula akhale wachipatala.

Zimene umboni ukulola n'zosavuta. Wodwala shuga aliyense afunsidwe ngati nkhama zimatuluka magazi, ngati mano akugwedera, ngati m'kamwa mumauma kapena kununkha. Ayang'anidwe m'kamwa ndi tochi monga amayang'anidwira mapazi, ndipo wa zizindikiro atumizidwe ku chipinda cha mano mano asanayambe kuguluka. Munthu wamkulu amene wabwera ndi chiseyeye chachikulu kapena zotupa za m'nkhama zobwerezabwereza ayezedwe shuga, makamaka ngati amamva ludzu, amakodza pafupipafupi kapena akuonda. Kumene HbA1c ikupezeka, woyeza akumbukire kuti kuchepa kwa magazi ndi matenda a sikoselo zimatha kusokoneza zotsatira zake.

Pophunzitsa kumudzi pali mfundo imodzi imene imafuna kubwerezedwa. Anthu ambiri akaona magazi pamswachi amasiya kutsuka malo amenewo poopa kudzivulaza, ndipo pamenepo litsiro limaunjikana. Magaziwo akusonyeza kuti malowo akufuna kutsukidwa bwino, mofatsa, kawiri patsiku, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride. Wogwiritsa mswachi wa mtengo aphunzitsidwe kufika m'mphepete mwa nkhama ndi kuseri kwa mano. Wosuta athandizidwe kusiya.

Mano akatha, vuto silithera m'kamwa. Munthu wopanda mano amalephera kutafuna ndiwo zamasamba, mtedza ndi zipatso zolimba, ndipo amatsamira pa phala, buledi ndi tiyi wothira shuga. Malangizo onse a chakudya amene analandira ku kiliniki amakhala ovuta kuwatsatira, ndipo shuga amakwereranso.

Kafukufuku wa Casarin ndi anzake ayenera kuwerengedwa monga mmene alili: ntchito yaing'ono, yokonzedwa mwanzeru pa mbali ya kuyerekeza, imene inasonyeza kuti kufunafuna mabakiteriya atatu okha kunali kuyang'ana pamalo popapatiza. Sanasonyeze chimene chinayamba, sanasiyanitse shuga wolamulirika ndi wosalamulirika, ndipo sanapereke chifukwa chosinthira mankhwala. Amene angakonze kafukufuku wotere m'chigawo chino angaphunzirepo kuika gulu la odwala olamulira bwino shuga, kutsatira anthu kwa miyezi ingapo, kuwerenga kuchuluka kwenikweni kwa mabakiteriya, ndi kulemba za fodya ndi HIV, zimene nazonso zimakhudza nkhama. Podikira zimenezo, wodwala shuga amene wavula nsapato pa kiliniki auzidwenso kuyasamula.